Kusamalira wodwala popanda kudzitha nokha: malangizo kwa anamwino ndi odwazika matenda

Funso ili landifika kambirimbiri, kuchokera kwa anamwino amene angoyamba ntchito komanso kwa amayi amene atha miyezi akugona pamphasa pambali pa bedi la m'bale wawo: "Asisitala, ndatopa zedi, koma nanga ndikane bwanji?" Ndimayankha ndili chiimirire m'khonde la wodi, ndipo yankho lothamanga limakhala loperewera. N'chifukwa chake ndalemba kamodzi, mwadongosolo.

Ndikulankhula ndi magulu awiri. Loyamba ndi inu anamwino ndi azamba. Lachiwiri ndi inu odwazika matenda, amene kuchipatala timakutchulani kuti magadiyani, amene mumaphika, kusambitsa, kuchapa ndi kutaya zoipa za wodwala popanda malipiro. Ambiri muli m'magulu onse awiri: masana muwodi, usiku kunyumba ndi mayi anu amene anafa ziwalo. Ndikamati malire, ndikunena kudziwa nokha, ndi kudziwitsa ena, zimene mudzachita, zimene simudzachita, ndi nthawi imene mumapezeka.

1. Zindikirani mtundu wa kutopa kwanu

Kutopa kumene kumatha mukagona bwino masiku awiri sikundidetsa nkhawa. Kumene ndikunena ndi kuja koti mwadzuka tsiku lopuma koma thupi likumveka ngati mwachezera kugwira naiti. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika kutopa kotereku m'buku lake la mndandanda wa matenda la ICD-11 ngati vuto lochokera ku ntchito, ndipo linatchula zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, mtima kuchoka pa ntchito mpaka kuyamba kuipidwa nayo, ndi kuyamba kulephera zimene kale munkazichita bwino.

Chachiwiricho ndi chimene sitikonda kuvomera. Gadiyani akuitana kuti "anesi, diripi yatha," inu mumtima mukuti afunanso chiyani ameneyu. Mwayamba kuiwala mayina a odwala, mukungowatchula nambala ya bedi. Mwakalipira mayi amene ali pa ululu wobereka. Anthu amati anamwino ndi amwano, ndipo amwanowo alipodi, koma ambiri amene ndawaona akusintha sanayambe choncho. Kwa inu odwazika, zimabwera motere: wodwala wadziipitsira kachitatu usiku umodzi, mwamukalipira, kenako mwakalirira kuseri. Kapena mwadzipeza mukulakalaka kuti zingotha, ndiye mukudziimba mlandu. Zimenezi zikusonyeza kuti katundu wakupyolani msinkhu, ndipo muyenera kuchitapo kanthu sabata ino, osadikira tchuthi cha pachaka.

2. Lembani zonse zimene anthu akupemphani m'sabata imodzi

Tengani kope. Kwa masiku 7 lembani pempho lililonse: wapempha ndani, chiyani, nthawi yanji, munavomera kapena ayi. Musadumphe zing'onozing'ono, monga mnansi wofuna kuyezedwa BP mukungotsika minibasi.

Pakutha pa sabata gawani mndandandawo patatu. Zina ndi ntchito yanu yeniyeni. Zina mungathandize mukakhala ndi mpata. Zina simuyenera kuchita konse, monga kutulutsa mankhwala muwodi kapena kuulula matenda a munthu. Ambiri amadabwa kuona kuti wodi si imene ikuwadyera nthawi yopuma. Amapeza mayina awiri kapena atatu akubwerezabwereza, ndipo nthawi zambiri amakhala a pachibale.

3. Yambani ndi foni

Apa m'posavuta, choncho yambirani pomwepa. Odwala ndi magadiyani musamawapatse nambala yanu. Auzeni tsiku la kiliniki ndi khomo loti akagogode. Amene akufuna uphungu ali kunyumba muwauze za Chipatala cha pa Foni, kumene amaimba mwaulere. Musayeze munthu pa WhatsApp. Chithunzi cha chotupa kapena zidzolo sichikuuzani kutentha kwa thupi, ndipo mukalakwitsa, dzina lotchulidwa lidzakhala lanu. Yankho lokwanira ndi lakuti, "Izi n'zofunika kuziona ndi maso, pitani naye lero."

Mukachoka ku naiti, foni ikhale chete mpaka mutadzuka. Anthu awiri kapena atatu okha, monga kusukulu kwa mwana ndi oyang'anira wodi, adziwe njira yokupezerani zikavuta.

4. Kukana abale anu

Malangizo ambiri amangoti phunzirani kukana, basi. Kukana mlendo n'kosavuta. Nanga malume anu amene anagulitsa fodya kuti mumalize kozi? Nanga apongozi? Nanga mkulu wa mpingo amene anadzakupemphererani muli pa mayeso? Ngongole imeneyo ndi yeniyeni, ndipo sindikuuzani kuti muiiwale. Ndikuti muibweze m'njira imene singakuchotsetseni ntchito kapena kukugonekani pabedi.

Choyamba, sankhani nthawi. Cholakwika chachikulu ndi kulengeza malire pamene munthu wafika kale pakhomo ndi mwana wotentha thupi, kapena pamaliro mitima ili m'mwamba. Nenani zinthu zili bata.

Chachiwiri, musayambe ndi gulu. Pitani kwa munthu mmodzi amene mawu ake amamveka m'banja, kaya mwinimbumba, azakhali kapena agogo. Khalani pansi, muwafotokozere mmene sabata yanu imayendera, maola amene mumagona, ndi zimene zingakuchitikireni mutapezeka ndi mankhwala a boma m'chikwama. Muwapemphe kuti nkhaniyi aifikitse ndi iwo kwa ena. Mawu omwewo akachokera kwa wamkulu amamveka ngati dongosolo la banja, pomwe akachokera kwa inu ena amati ndi matama.

Chachitatu, kanani chinthucho, munthuyo musamutaye. Pokana, tchulani chimene mungachite. Mawu akhale ochepa, chifukwa mukachulutsa zifukwa mumapereka poyambira kukambirana. Nazi nkhani zimene zimabwera kawirikawiri.

Mankhwala. "Malume, mankhwala a muwodi amawerengedwa, ndipo ndi a odwala amene agonekedwa. Sinditenga. Mawa pitani ndi kabuku kanu akakuyezeni. Mukabwerako mundionetse zimene akulemberani, ndikufotokozereni kamwedwe kake." Pamenepa mukuwatetezanso iwowo. LA amaperekedwa magazi akaonetsa malungo, ndipo amoxicillin womwedwa mwachisawawa, masiku awiri n'kusiya, ndi amene amachititsa kuti tizilombo tisamamvenso mankhwala.

Kudumpha mzere. "Achimwene, amene ali patsogolowo nawonso afika m'bandakucha. Ndikuuzani khomo lolowera ndi nthawi yabwino yofikira, koma mzere mukhalapo."

Zinsinsi. Wina adzakufunsani ngati mtsikana amene mwana wake akufuna kukwatira amalandira ma ARV, kapena chimene chinamupha mnansi. Yankho ndi limodzi: "Za odwala sindinena. Ngakhale zanu, mutadwala, sindingauze munthu." Chiganizo chachiwiricho chimathetsa nkhani, chifukwa wofunsayo amaona kuti lamuloli likumutchinjiriza iyenso. Kumbukirani kuti a Nurses and Midwives Council of Malawi, amene amatilembetsa m'kaundula, ali ndi mphamvu yolanga namwino woulula zinsinsi.

Ndalama. Ikani mulingo wa mwezi umene mungathe osakhudza lendi, fizi ndi chakudya. Tumizani tsiku limodzi kwa munthu mmodzi wodalirika, pa Airtel Money kapena Mpamba kuti umboni ukhalepo. Wina akaimba pakati pa mwezi, "Ya mwezi uno ndinatumiza kale kwa achemwali, kambiranani nawo." Musalowe katapila, ngongole ija ya chiwongoladzanja chokwera, pofuna kuti musaoneke wouma manja. Ndaona anamwino abwino akugwira ntchito mwezi wonse khadi la ku banki lili m'manja mwa wobwereketsa.

Kudwazika. M'banja mukangodwala munthu, onse amayang'ana namwino: "Poti inu ndi amene mumazidziwa." Kudziwa kwanu kugwire ntchito yophunzitsa ena kusambitsa, kutembenuza ndi kumwetsa mankhwala. Kusasanduke chifukwa choti muzigona kuchipatala usiku uliwonse kenako m'mawa n'kuvala yunifolomu.

Chachinayi, musaname. Mukanena kuti mankhwala atha, mwezi wamawa adzafunsanso. Mukanena kuti muli pa ntchito pomwe muli kunyumba, wina adzakuonani, ndipo nkhani idzakhala ya bodza lanu.

Chachisanu, ndipo apa m'pamene ambiri amagonjera: konzekerani mkwiyo. Mudzamva kuti sukulu yakupweteketsani mutu, kuti mwayamba kudzimva, kuti chibale n'fupa sichiola. Ena adzasiya kuimba foni kwa kanthawi. Zimapweteka kwambiri, makamaka zikachokera kwa amene anakulerani. Koma mukabwerera m'mbuyo chifukwa wina wakwiya, mwaphunzitsa banja lonse kuti njira yopezera chinthu kwa inu ndi kukwiya, ndipo ulendo wina adzayambira pomwepo. Bwerezani mawu omwe aja, mwaulemu womwe uja, osawonjezera. Nthawi yomweyo musasowe pa zina za chibale. Pitani kumaliro, kazondeni odwala pa tsiku lanu lopuma, imbani foni yongopereka moni. Anthu akaona kuti mukadali wawo, ambiri amazolowera dongosolo latsopano. Alipo mmodzi kapena awiri amene sadzakhululuka, ndipo zimenezo muzilandire.

Pomaliza, auzeni momveka nthawi imene angakudzutseni ngakhale pakati pa usiku: mwana akukomoka kapena wasiya kuyamwa, mayi woyembekezera akutaya magazi, munthu akubanika, wakomoka osatsitsimuka, kapena akutsegula m'mimba madzi okhaokha mosalekeza. Pamenepo dzukani, thandizani kupeza galimoto. Anthu akadziwa kuti pa zoopsa mulipo, savutika kumvetsa kuti mutu wa dzulo ungadikire kuti kuche.

5. Malire a kuntchito

Apa ndinene mosabisa: malire si chilolezo chosiya wodwala. Simuchoka muwodi musanapereke lipoti kwa wolowa m'malo mwanu, ndipo wodwala akasintha mwadzidzidzi nthawi yoweruka itakwana, mumathandiza kaye. Chimene mukukana ndi chizolowezi choti inu nokha ndi amene mumatseka dzenje lililonse la pa ndandanda.

Dziwani zimene malamulo amanena. Lamulo la Employment Act la 2000 limaika maola 48 pa sabata ngati malire a nthawi yokhazikika ya ntchito, limapereka tsiku lopuma mukagwira masiku 6 otsatizana, komanso tchuthi cha pachaka chosachepera masiku 18 kwa ogwira masiku 6 pa sabata ndi masiku 15 kwa ogwira masiku 5. A m'boma ndi a m'zipatala za mipingo za CHAM, funsani ku ofesi yoona za antchito masiku amene giredi yanu imalandira, ndipo muwatenge.

Lokamu ndi ntchito yowonjezera imene mumagwira pa nthawi yanu yopuma n'kulipidwa padera. Ndikudziwa kuti ambiri amalipirira ana fizi ndi ndalama imeneyo, choncho sindinena kuti muisiye. Ikani chiwerengero cha pa mwezi mwezi usanayambe, ndipo musalumikize naiti ndi lokamu ya masana. Munthu amene sanagone amalakwitsa mulingo wa mankhwala, ndipo mulingo wa mwana wakhanda supereka mpata wolakwitsa.

Oyang'anira wodi akakupemphani shifiti ina, musayankhe pomwepo chifukwa cha manyazi. Onani ndandanda kaye, kenako: "Asisitala, Loweruka sinditha, ndichokera ku naiti. Lachiwiri ndingathe." Mukasiyidwa nokha ndi odwala ochuluka kuposa mmene munthu mmodzi angasamalire, dziwitsani a matroni ndipo lembani m'buku la lipoti tsiku, nthawi ndi chiwerengero cha odwala. Zikapitirira, bungwe loimira anamwino ndi azamba la NONM lilipo pa nkhani zotere. Chimodzimodzi wina akakumenyani, kukuopsezani kapena kukugwirani mosayenera, kaya ndi wodwala, gadiyani kapena mkulu wa pantchito, lembani tsiku lomwelo ndipo nenani.

Ndalama ya "fanta" yochokera kwa wodwala muzikana. Mukailandira, iye amayembekeza kuti mudzamuona msanga kuposa amene alibe.

6. Odwazika matenda: itanitsani msonkhano wa banja

Pa matenda aatali monga sitiroko, khansa kapena ukalamba woiwalaiwala, ntchito yodwazika imagwera munthu mmodzi, nthawi zambiri mwana wamkazi amene ali pafupi kapena amene sali pa ntchito yolembedwa. Ena amabwera Lamlungu ndi botolo la Sobo, n'kupita. Musadikire kuti aone okha kuti mwatopa, chifukwa akamakuonani mukukwanitsa amaganiza kuti zonse zili bwino.

Pemphani wamkulu wa banja aitanitse msonkhano, a kutali alowe pa foni. Musapite ndi madandaulo okha. Pitani ndi mndandanda wa ntchito: kugona ndi wodwala, kuphika, kuchapa, nkhuni kapena makala, sopo, thiransipoti ya ku kiliniki, kukatenga mankhwala. Ntchito iliyonse ikhale ndi dzina ndi tsiku. Amene ali ku Johannesburg kapena ku Lilongwe ndipo sangabwere atchule ndalama ndi tsiku lotumiza, ndipo mbali ina ilipire munthu wodzakupumitsani. Amuna asathawire ku mawu akuti imeneyi ndi ntchito ya amayi. Bambo wodwala angasambitsidwe ndi mwana wake wamwamuna, ndipo kunyamula kumafuna mphamvu zawo. Inu nenani chimodzi chosasinthika: tsiku limodzi lathunthu pa sabata, usana ndi usiku, mukhale kwina. Zimene mwagwirizana zilembedwe pa gulu la WhatsApp la banja kuti pasadzakhale wokana.

Chenjezo: musatulutse mtsikana sukulu kuti azidwazika. Matenda angatenge zaka, ndipo iye sadzabwereranso m'kalasi.

Pemphaninso kunja kwa banja. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika kapena a kumphakati amathandiza bwino mukawapempha chinthu chodziwika, monga kukhala ndi wodwala Lachinayi masana. Ngati wodwala ali ndi ululu wosatha, funsani za chisamaliro chochepetsa ululu, chimene achipatala amati palliative care. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli kiliniki ya Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zili ndi anthu ophunzira ntchitoyi amene amapereka mofini wakumwa. Wodwala akagona, nanunso mumagona.

7. Tetezani thupi lanu

Msana ndi umene umayamba kutha. Wodwala wosadzitembenuza yekha amafunika kutembenuzidwa maola 2 aliwonse kuti asatuluke zilonda, ndipo imeneyi si ntchito ya munthu mmodzi usiku wonse. Yalani nsalu yolimba kapena chitenje chopinda pansi pake, mugwire awiri mbali ndi mbali, pindani mawondo, musawerame ndi msana.

Pogwira magazi, mafinya kapena chimbudzi valani magolovesi. Kunyumba akasowa, majumbo osabooka amathandiza. Popukuta pansi, Jik wa 3.5% musakanize kapu 1 ndi makapu 6 a madzi. Tsegulani mawindo, makamaka wodwala akamatsokomola, ndipo inu mukatsokomola masabata 2, kutuluka thukuta usiku kapena kuwonda, kayezetseni TB.

Mukadzibaya ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito, tsukani ndi sopo pa madzi oyenda, musafinye bala, ndipo nenani nthawi yomweyo. PEP ndi mankhwala oteteza kuti kachilombo ka HIV kasakhazikike m'thupi. Amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, makamaka m'maola oyambirira, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumpha. Cholakwika chimene ndimachiona ndi kudikira kuti shifiti ithe, kapena kubisa poopa kunenedwa kuti ndinu wosasamala. Anamwino, onetsetsaninso kuti munamaliza katemera wa hepatitis B.

Idyani musanalowe muwodi ndipo nyamulani madzi. Gadiyani, phala limene mwaphikira wodwala muphikeko lanu. Mukachoka ku naiti musamwe tiyi wambiri, tchingani zenera ndi nsalu yakuda, ndipo ana adziwe kuti kugona kwanu masana ndi mbali ya ntchito. Ngati muli ndi BP, shuga kapena mumamwa ma ARV, tsiku lanu la kiliniki lilowe pa ndandanda ya banja mofanana ndi la wodwala.

8. Imfa, ndi nthawi yofuna thandizo

Amene anagwira ntchito nthawi ya Covid-19, pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, kapena namondwe Freddy atagwa mu Marichi 2023, anaona imfa zambiri m'masiku ochepa, ndipo ambiri sanapeze mpata wozilankhula. Ngakhale masiku wamba, mwana akamwalira m'manja mwanu mumayala bedi n'kulandira wina. Tengani mphindi zochepa panja. Pezani mnzanu mmodzi wa ntchito amene mungamuuze mmene zakukhudzirani, osatchula mayina a odwala. Oyang'anira mawodi, imfa yovuta ikachitika khalani pansi ndi gulu lanu, ndipo kukambirana kumeneko kusakhale kofufuza wolakwa. Inu odwazika, wodwala wanu akapita mungamve chisoni pamodzi ndi kupepukidwa. Zonse ziwiri zimachitikira anthu amene anakonda ndi mtima wonse.

Funani thandizo la akatswiri ngati kwa masabata 2 kapena kuposa simukugona, simukufuna kudya, mukungolira, kapena palibe chimene chikukusangalatsani. Chimodzimodzi ngati mwayamba kudalira mowa kuti mugone, kapena mwayamba kutenga diazepam kapena pethidine wa muwodi. Zipatala zambiri za m'maboma zili ndi namwino wa matenda a maganizo. Kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso Zomba Mental Hospital. Ngati mukuopa kuonedwa ndi anzanu a pantchito, pitani chipatala china.

Mukayamba kuganiza zodzipha, uzani munthu lero lomwe. Mupatseni mankhwala onse amene muli nawo m'nyumba, a wodwala ndi anu omwe, kuti asunge ndi iye, ndipo akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.